Telekinesis saponya munthu, achimwene

Pa imelo pandifika funso kuchokera kwa achimwene ena a ku Salima. Loweruka lililonse amasewera Dungeons & Dragons, masewera a nthano oponya madayisi, ndi anzawo pakhonde ku Senga Bay, ndipo sabata yatha masewera anathera m'mkangano. Wamatsenga wawo wa m'masewerawo ananyamula chimphona ndi Telekinesis, matsenga osuntha zinthu ndi maganizo, n'kufuna kuchimenyetsa pathanthwe kuti chivulale. DM, yemwe amatsogolera masewerawo, anakana. Akufunsa kuti: kodi anawapondereza?

Ayi achimwene, sanakupondelezeni. Tsegulani buku la malamulo, Player's Handbook ya 2014. Matsengawa ndi a levulo 5, amafika mapazi 60, ndipo mumawagwirira m'maganizo mpaka mphindi 10. Mukafuna kunyamula chamoyo, mumaponya dayisi kulimbana ndi mphamvu zake. Mukapambana, mumachisuntha mapazi 30 mbali iliyonse, ngakhale m'mwamba, ndipo chimakhala chomangika mpaka nthawi yanu yosewera yotsatira itatha. Palibe pamene palembedwa kuti chimavulala. Kusuntha sikuponya.

Koma apa ndi pamene ndimawakondera matsengawa. Thanthwe lisiyeni, kwezani chimphonacho m'mwamba! Chikalendewera pamapazi 30, siyani kugwirira matsengawo. Kutero sikudya nthawi yanu. Lamulo la kugwa likuti kuvulala kwake ndi dayisi imodzi ya mbali 6 pa mapazi 10 alionse, ndiye apo mwapeza madayisi atatu, ndipo chikatera chimakhala chili chigonere pansi. Mukapambananso kachiwiri mutha kuchikweza ena 30, bola mwaima pafupi ndi pansi pake, poti malire aja a mapazi 60 amawerengedwa kuchokera pomwe muli inuyo.

Ine ndingakuuzeni kuti musafulumire kuchigwetsa. Chimphona cholendewera sichingayende, ndipo anzanu a mauta amachilasa mosavuta chifukwa amaponya madayisi awiri n'kutenga yaikulu. Madayisi atatu aja ndi ochepa poyerekeza ndi mivi ya gulu lonse.

Zinthu zopanda moyo n'zosavuta: chilichonse chosapitirira mapaundi 1,000, pafupifupi makilogalamu 450, chimasuntha popanda dayisi ngati palibe wachivala kapena wachinyamula. Bwato lopanda munthu mutha kulichotsa padoko adani asanakwere.

Musanakhale pansi Loweruka likudzali, funsani DM wanu buku lomwe akutsata. M'malamulo a 2024 mpikisano wa madayisi uja anauchotsa. Chimphona chokha ndicho chimaponya dayisi yodziteteza ndi mphamvu zake.