Musamusiye mphakayo ndi njala kuti aphunzire

Mayi, mwalemba m'gulu lino kuti mphaka wanu akukana chakudya. Musanawerenge china chilichonse chimene ndilembe pano, chonde musatsatire anthu amene akukuyankhani m'ndemanga zawo kuti mumusiye mphakayo ndi njala mpaka adye yekha. Mwanena kuti lero ndi tsiku lachiwiri asanalawe kanthu, ndipo kwa mphaka masiku awiri ndi ambiri kwambiri moti si nthawi yoti tizitsutsana modekha ngati anabadwa wosankha zakudya kapena munamuzoloweza ndinu. Ndikulemba mtima ukugunda chifukwa mawu omwewo, akuti njala idzamuphunzitsa, ndi amene anatsala pang'ono kundiphera mphaka wanga Phulusa.

Phulusa ndinamutenga ali ndi milungu 8 pamodzi ndi mlongo wake Khala. Anayamwa bere limodzi, anakulira m'nyumba imodzi ndipo ndinkawapatsa chakudya chofanana, koma Khala mpaka lero amadya chilichonse chimene chaikidwa m'mbale, pamene Phulusa kuyambira ali kamwana ankanunkhiza chinthu chachilendo n'kubwerera chafutambuyo. Tonse m'nyumba tinazolowera kumutchula wosankha, ndipo dzina limenelo ndi limene linatitseka maso. Pofika zaka 6 anali wonenepa ndithu, ndipo ankangodya mtundu umodzi wa chakudya chouma cha m'paketi. Kenako anayamba kubwera pambale ali ndi njala yooneka, kutola kambulu kamodzi, kukagwetsa, kupukusa mutu n'kuchokapo. Ndinagula mtundu wina, anachita chimodzimodzi. Ndinayesa cha m'chitini, ananyambita msuzi wokha.

Nthawi imeneyo kunyumba kunali mlamu wanga, munthu amene anawetapo agalu zaka zambiri ndipo akamalankhula za nyama salola kuti wina aikepo mlomo. Anandiuza pamaso pa ana kuti mphakayo ndinamulera molakwika, kuti wandizindikira kuti akakana ndimathamangira kukagula china, ndiponso kuti palibe nyama imene imafa ndi njala chakudya chili patsogolo pake. Analamula kuti mbale ikhale pamalo pake ndi chakudya chomwecho, ndipo anaopseza ana kuti asayerekeze kumupatsa kanthu mobisa. Ine ndinamvera chifukwa ndi wamkulu ndiponso chifukwa ndinali nditatopa. Ndinamvera kwa masiku 5.

Usiku wa tsiku lachisanu ndinadzuka cha m'ma 2 koloko nditamva ngati chinachake chikukhosomola pansi pa bedi. Ndinayatsa tochi ya pafoni n'kumupeza atagona chamimba kukona, mutu uli pansi, malovu akuyenderera pachibwano mpaka pachifuwa. Nditamukoka sanalimbane nane, iye amene sankalola kunyamulidwa ngakhale kamphindi. Mimba inali idakali yaikulu koma msana unali mafupa okhaokha, ndipo ubweya unali utalimba ngati wa nyama imene yasiya kudzinyambita kalekale. Ndinamuunika m'khutu ndipo khungu la mkati, limene linali lofiirira masiku onse, linali lachikasu. Ndinatsegula diso, mbali yoyera ija inalinso yachikasu. Ndinakweza mlomo, nkhama nazonso zinali chimodzimodzi. Pomwepo anasanza thovu lachikasu pa zovala zanga, ndipo atatha kusanza anatsamiritsa mutu padzanja langa n'kuyamba kulira kwapansipansi kwa m'khosi kuja kumene amphaka amachita akamasisitidwa. Ndinakhala pansi nditamufukata mpaka kunja kunacha, ndikumuika dontho la madzi pamlomo limene sankameza n'komwe, Khala atakhala pakhomo akutiyang'ana. Kuchokera pamene ndinakhalapo ndinkaiona mbale ija m'khonde, yodzaza monga momwe ndinaidzazira m'mawa, ndipo ndi pamene ndinamvetsa kuti kwa masiku onsewo nyamayi inkabwera kudzapempha thandizo ine n'kumaiona ngati yamwano.

Dokotala wa ziweto atangomutsegula pakamwa anandiitana kuti ndione ndekha. Dzino lina la kumapeto linali litadyeka m'munsi, nkhama zitatupa mozungulira, moti kambulu kalikonse kakakhudza pamenepo ankamva ululu woopsa. Atayeza magazi anandiuza kuti dzinolo linali vuto laling'ono poyerekeza ndi zimene njala inachita. Mphaka akasiya kudya, thupi limayamba kutumiza mafuta ake ku chiwindi kuti asanduke mphamvu, koma chiwindi cha mphaka sichitha kugaya mafuta ambiri nthawi imodzi, choncho amaunjikana m'menemo mpaka chiwindicho chimalephera kugwira ntchito. Matendawa madokotala amawatcha hepatic lipidosis, amagwira kwambiri amphaka onenepa, ndipo amatha kuyamba pakangopita masiku ochepa nyama isakudya. Choipa n'chakuti chiwindi chikadwala mphaka amachita nseru, nseruyo imamuletsa kudya, ndipo kusadyako kumaonjezera mafuta ku chiwindi. Anamuika diripi, kenako anamuboola pakhosi n'kulowetsa kachubu kopita kummero, ndipo kwa milungu 6 ndinkamudyetsa chakudya chamadzimadzi kudzera m'kachubuko kanayi kapena kasanu pa tsiku, pang'onopang'ono kuti asasanze. Dzino analichotsa atapezako mphamvu.

Mlamu wanga sanapepese mpaka lero. Nditamufotokozera zimene dokotala anapeza, anangoti ndiye kuti mphakayo anali wodwala kale, ngati kuti mawu amenewo akumuchotsera mlandu. Inde anali wodwala kale, ndipo n'chifukwa chake kumumana chakudya china chofewa kunali nkhanza. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti anaona yekha nyama ikugwetsa chakudya m'kamwa, ikupukusa mutu, koma sanafune kuganiza kuti mwina akulakwitsa, popeza kwa iye galu ndi mphaka n'chimodzimodzi. Galu wathanzi amatha kupirira njala masiku angapo kenako n'kudya chimene anakana, koma thupi la mphaka silinapangidwe motero. Anachititsanso ana anga kudziona olakwa, chifukwa wamng'ono anadzandiululira akulira kuti ankafuna kumupatsa kanyama mobisa koma ankaopa amalume ake. Nanenso ndili ndi mlandu wanga, chifukwa mphaka anali wanga ndipo maso ndinali nawo. Anthu olankhula motsimikiza za nyama zimene sanazisungepo alipo ambiri, ndipo ena ndikuwaona m'gulu lomwe lino.

M'milungu 6 imeneyo ndinawerenga kwambiri ndiponso ndinamuvutitsa dokotala ndi mafunso, ndipo ndinapeza kuti mbali yaikulu ya zimene timazitcha kusankha ndi chibadwa cha mphaka aliyense. Mphaka ndi nyama yodya nyama basi, ndipo lilime lake linapangidwira zimenezo. Mu 2005 asayansi a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anaonetsa kuti jini imodzi (malangizo achibadwa a m'thupi) yothandiza kumva kutsekemera, yotchedwa Tas1r2, ndi yowonongeka mwa amphaka, choncho shuga kwa iwo alibe kukoma kumene ife timamva. Tizigawo tomvera kukoma palilime la mphaka tilipo pafupifupi 470 pamene munthu ali nato pafupifupi 9,000, ndiye mphaka amadalira mphuno posankha choti adye, ndipo n'chifukwa chake mphaka wa chimfine amene mphuno zatsekeka amasiyiratu kudya. Makolo ake akutchire, amphaka a mtundu wa Felis lybica, ankasaka okhaokha tinyama ting'onoting'ono n'kudya pomwepo tidakali totentha. Mpaka lero mphaka amakonda kudya pang'onopang'ono kambirimbiri pa tsiku, amakonda chakudya chofunda pafupifupi madigiri 37 kapena 38, ndipo amakana chimene changotuluka m'firiji kapena chimene chakhalitsa m'mbale n'kuyamba kusintha fungo. Galu amatha kudya nyama yoola, koma mphaka amaithawa. Kufunika kwa nyama m'thupi mwake si nkhani ya mkamwa mokha ayi, popeza mu 1987 ofufuza a ku University of California ku Davis anapeza kuti kusowa kwa taurine, chinthu chopezeka mu nyama chimene thupi la mphaka silipanga chokwanira, kumafooketsa mtima wa amphaka. Pamwamba pa chibadwa cha mtundu wonse palinso cha mphaka aliyense payekha, ndipo umboni wanga ndi Khala ndi Phulusa, amene ndinawalera mofanana koma wina n'kukhala wolimba mtima ndi zachilendo, wina wamantha.

Zophunzira nazonso zilipo, ndipo zimayamba msanga. Ana a mphaka amayamba kulawa chakudya cholimba ali ndi milungu pafupifupi 4, ndipo amatsatira chimene mayi wawo akudya. Wasayansi wina dzina lake Wanda Wyrwicka anaonetsa mu 1978 kuti ana a mphaka ankadya nthochi ndi mbatatesi yosinja, zinthu zimene mphaka sadya mwachibadwa, atangoona amayi awo amene anaphunzitsidwa kudya zimenezo. Mphaka amene wakula akudziwa mtundu umodzi wokha, monga momwe ndinamulerera Phulusa, amatha kufika poti china chilichonse sachiona ngati chakudya, makamaka ngati chikusiyana kalimbidwe kake m'kamwa. Apa ndimavomereza kuti ndinalakwitsa, chifukwa ndikanamuzoloweza chonyowa ali wamng'ono mwina akanachilandira pamene dzino linayamba kupweteka. Phunziro lamphamvu kuposa onse ndi la nseru ndi ululu. Mphaka akadya chinthu kenako n'kudwala, amachigwirizanitsa ndi kudwalako ndipo amatha kuchikana kwa nthawi yaitali. Tsiku loyamba kuchokera kwa dokotala, kachubu kasanaikidwe, ndinamukakamiza chakudya cha m'chitini ndi sirinji m'kamwa ali ndi nseru, ndipo papita zaka 3 koma akangomva fungo la chitini cha mtundu umenewo amatuluka m'chipinda.

Tsono inu mayi, mutengereni mphakayo kwa dokotala wa ziweto lero lomwe, ndipo mukafotokoze mmene amakanira. Mphaka amene amafika pambale n'kugwetsa chakudya kapena kutafunira mbali imodzi nthawi zambiri vuto limakhala m'kamwa, amene amanyambita milomo n'kutembenuza mutu amakhala ndi nseru, ndipo ngati ndi wachikulire amene akumwa madzi ambiri ndi kukodza pafupipafupi, dokotala ayenera kuyeza impso. Podikira kunyamuka, mufunditse pang'ono chakudya chofewa n'kumuikira pamalo abata, kutali ndi amphaka ena ndiponso kutali ndi pamene amadzithandizira, koma akakana musamutsegule pakamwa mokakamiza. Musamupatse mankhwala a anthu, makamaka paracetamol, amene amapha mphaka ngakhale atamwa pang'ono, ndipo musamunyengerere ndi zotsala za patebulo zimene muli anyezi kapena adyo chifukwa zimawononga magazi ake.

Dokotala akakanena kuti alibe vuto lililonse, pamenepo muyenera kulimba mtima, chifukwa mphaka wathanzi amaphunziradi kuti akalira ndi kukana mumatsegula chitini china chokoma kuposa choyamba. Musamasinthe chakudya nthawi iliyonse imene watembenuza mutu. Muziika mbale kwa mphindi 20 kapena 30, akapanda kudya muzichotsa, ndipo muzibweretsanso chatsopano cha mtundu womwewo pakapita maola angapo, osamupatsa tokometsera pakati ngakhale alire chotani. Ndimachita zimenezi ndi Phulusa panopa ndipo zimagwira ntchito, koma ndimawerenga maola, ndipo tsiku lathunthu likatha asanadye ndimamupatsa chilichonse chimene angalandire n'kuimbira dokotala. Mukafuna kumusinthira mtundu wa chakudya, muzisakaniza chatsopano pang'ono ndi chakale n'kumaonjezera kwa masiku 7 mpaka 10. Musalolenso kuti azingodya chiwindi chokha kapena nsomba ya tuna yokha chifukwa choti ndi zimene amakonda, popeza chiwindi chochuluka chimadzaza vitamini A m'thupi mpaka kuwononga mafupa a khosi ndi msana, ndipo tuna yokhayokha imayambitsa kusowa kwa vitamini E ndi kutupa kowawa kwa mafuta a m'thupi. Amene muli ndi ana a mphaka, alawitseni zouma ndi zonyowa zamitundu ingapo adakali aang'ono.

Musanatuluke pakhomo, mupite naye powala mumuone m'makutu, m'maso ndi nkhama, ndipo mukaona chikasu ngakhale chochepa mukanene mukangofika kuti asakuikeni pamzere wodikira. Mukampemphenso dokotala kuti aone mano a kumapeto kwenikweni, chifukwa la Phulusa linali lobisika moti ine sindikanaliona ndekha.