WITCH ya lero ndi yomwe ija?

Achimwene, mwafunsa ngati n'koyenera kudzagula tikiti gulu loimba la WITCH likadzaimba kuno ku Lusaka, poti pa siteji padzaza nkhope zachilendo, ena azungu. Ine ndikuti mudzapite.

Kusintha anthu sanayambe lero. Gululi linabadwira ku Kitwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo woimba wawo, Emmanuel "Jagari" Chanda, anachoka zakazo zisanathe. Otsalawo sanagwe mphwayi. Anatenga oimba ena, Patrick Mwondela analowa pa kiyibodi, nyimbo n'kupendekera ku disco. Kusintha kuja kunali kwakukulu kuposa kwa panoku.

Mwa amene anayambitsa gululi watsala Jagari yekha, yemwe anadzabwereranso m'gululi, anzake onse anatisiya. Ndiye aziimba ndi yani? Mwondela alipo, Jacco Gardner wa ku Netherlands ndiye wagwira bezi. Chimbale chawo cha 2023, Zango, anajambulira ku DB Studios konkuno, komwe anajambuliranso Lazy Bones!! ya 1975.

Kwa ine, wovuta kumulowa m'malo ndi mwini mawu. Wa ng'oma kapena wa bezi akaziphunzira bwino nyimbo, khutu silidandaula kwenikweni. Mawu aja alipobe, ndipo Jagariyo, zaka zoposa 70, amadumphabe ndi maikolofoni m'manja mpaka malaya kunyowa. Pomwe ndimatchera khutu ndi pa gitala ija ya mawu okalipa otchedwa fuzz. Achinyamatawa nthawi zina amaisalaza mopitirira. Imvani zimbale ziwirizo, Lazy Bones!! ndi Zango, motsatizana pa YouTube musanatulutse ndalama.