Mvula ya ku Angonia imakupezani ku Moatize

Achimwene, mwafunsa mmene malonda a kachewere amayendera pakati pa Ntcheu ndi Tete, koma musanayambe kuwerenga mpamba, yambani mwadziwa kumene madzi a m'mapiri athuwa amalowera. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 amatsata msana wa mapiri, n'chifukwa chake pa Lizulu msewu wa M1 uli ndi Malawi mbali ino ndi Mozambique mbali inayo. Madzi otsikira kum'mawa amapita kunyanja kapena ku Shire kudzera m'mitsinje monga Livulezi ndi Rivirivi, pamene otsikira kumadzulo amakathera mu Zambezi. Mtsinje wa Revubue umayambira m'mapiri ozizira a ku Angonia, mbali ya Mozambique, ndipo pofika kuchigwa chotentha cha Moatize, pafupi ndi Tete, umakhala utameza timitsinje tambirimbiri, moti umatha kusefukira ngakhale kumeneko kusanagwe mvula yoopsa.

Mtsinje umenewu ndi umene unatsala pang'ono kundithetsa mu Januwale 2022, pa nthawi ya namondwe Ana. Ndinali nditadzaza lole ndi kachewere wa ku Tsangano, wosankhidwa ndi manja angawa, ndipo ndalama zake zinali ngongole ya banki mkhonde. Tinadutsa Ulongue kukuvumba, ndipo titafika ku Moatize tinapeza mlatho wa Revubue utaduka, malole atandandalika mumsewu. Kachewere wa kumapiri sapirira kutentha kwa kumeneko. Matumba apansi anayamba kudontha madzi akuda onunkha, ntchentche zinadzaza pansi pa tenti, ndipo amayi amalonda amene masiku onse amandinyengerera anandigula zotsalazo pa mtengo umene anatchula okha.

Chimene chimandiwawabe mpaka lero ndi bambo wina wa yunifolomu pa chotchinga china cha pamsewu, amene anaona yekha matumba akuwola, komabe anagwira mapepala anga, omwe anali olongosoka, kufikira nditamupatsa kangachepe. Anawerenga mametikashi amenewo pamaso panga mosachita manyazi.

Ngongole ija ndinabweza yonse popanda kugulitsa munda, ndipo lero thumba lokhala ndi kachewere woyamba kufewa ndimalizindikira lisanamasulidwe. Ngati mukufunadi kulowa m'malondawa, musakweze katundu wowola msanga pamene mapiri a ku Dedza ndi Angonia aphimbika ndi mitambo kwa masiku otsatizana, ndipo muziyamba mwaimbira dalaivala amene ali kale ku Moatize kuti akuuzeni pamene madzi afika.