Exciton sakankhidwa, amachita kung'ambidwa

Achemwali a ku Kamuzu Road, mwafunsa kuti ngati exciton alibe chaji, amayenda bwanji m'panelo ya sola mpaka kutipatsa magetsi. Mwagwira penipeni. Iyeyo akadali wathunthu sabweretsa magetsi ayi, ayenera kung'ambika kaye.

Kuwala kukamenya silikoni, chinthu chomwe amapangira mapanelo ambiri a sola, elekitironi imadumpha n'kusiya malo opanda kanthu, omwe m'kalasi timangoti hole. Malowa amachita ngati ali ndi chaji ya pozitivi, pomwe elekitironi ili ndi ya negativi, ndiye awiriwa amakokana n'kumayendera limodzi, ngati mbuzi ziwiri zomangidwa chingwe chimodzi tsiku la msika. Exciton ndi ameneyo. Anayamba kumufotokoza ndi Yakov Frenkel mu 1931, kenako Wannier ndi Mott anafotokoza mtundu wa chingwe chachitali, umene umapezeka mu silikoni.

Tsono mukaika electric field, mphamvu imene imakankha kapena kukoka zinthu zokhala ndi chaji, imakokera elekitironi uku, hole uko, ndi mphamvu zofanana. Mbuzi ina ikufuna kunyanja, inzake ikufuna kumtunda. Chingwe chimangokungika koma palibe kumene zikupita. Field ikakhala yochepa imangomutambasula, ndipo kuwala kumene amameza kumasintha mtundu pang'ono. Izi ndi zomwe mabuku amati Stark effect, ndipo si nkhani ya mayeso chabe: tizipangizo tina tothimitsa ndi kuyatsa kuwala m'zingwe za faiba za intaneti timadalira zomwezi. Field ikakula, chingwe phwii, aliyense ulendo wake, magetsi ayamba. Maginito amphamvu amachita zosiyana, amamufinya kuti achepe.

Nanga kuyenda kwake? Amangobalalika kuchoka pomwe anzake achuluka kupita pomwe achepa, ngati utsi wa pambaula tsiku lopanda mphepo. Moyo wake ndi waufupi. Elekitironi ikangogwera m'malo ake akale, mphamvu ija yatuluka ngati kuwala kapena kutentha, basi mwataya.

Apa ndi pomwe ana anga asukulu amasokonezekera. Mu silikoni chingwecho n'chowola, mphamvu yake ndi pafupifupi 15 meV (meV ndi muyeso wa mphamvu zing'onozing'ono), pomwe kutentha wamba kwa m'nyumba kumagwedeza zinthu ndi 26 meV. Choncho m'mapanelo aja a ku Nanjoka kuno ku Salima, a mamegawati 60 omwe anatsegulidwa mu 2021, ma exciton amadziduka okha asanapite patali. Field ya pa p-n junction, malire a mitundu iwiri ya silikoni m'panelo, imangolekanitsa mbuzi zomasuka kale. Vuto lenileni lili m'masola a organic, opangidwa ndi zinthu zonga pulasitiki. Mmenemo chingwe n'cholimba kangapo konse kuposa kutentha, ndipo exciton amayenda mananomita 10 okha, kamtunda kosaoneka ndi maso, n'kufa. N'chifukwa chake opanga amasakaniza zinthu ziwiri bwinobwino, kuti kulikonse kumene wabadwira apeze malire omung'amba pafupi.

Koma musathamangire kunena kuti kutentha kwathu kuno ku Salima ndi mwayi. Kuti chingwe chiduke, ngakhale kuzizira kwa mu June n'kokwanira. Kutentha kowonjezera kumangotsitsa voteji, ndipo panelo ya silikoni imataya pafupifupi 0.4 peresenti ya mphamvu pa digiri iliyonse yopitirira 25. Yanga ili padenga la malata, mu October masana simungaigwire ndi dzanja. Ndinaikweza pa timatabwa kuti mphepo izidutsa pansi, ndipo batire inayamba kudzadza msangako.