Poyambira kuwerenga filosofi ya sayansi ndi maganizo

Mwafunsa kuti muyambe ndi buku liti. Tengani The Problems of Philosophy la Bertrand Russell, la 1912. Ndi lalifupi, ndipo likuyamba ndi tebulo wamba: kodi mtundu wake uli pa tebulopo kapena m'maso mwanu? Kenako nkhani ya Edmund Gettier ya 1963, masamba atatu okha, yosonyeza kuti munthu angakhulupirire zoona, zifukwa zabwino ali nazo, koma osadziwabe. Iwerengeni kawiri, cholembera chili m'manja.

Pa sayansi musathamangire Thomas Kuhn, amene analemba za mmene sayansi imasinthira. Ambiri amamumva molakwa, n'kumati sayansi ndi zoganiza za anthu basi, chifukwa iwowo sanawerenge Karl Popper, katswiri wina wa filosofi ya sayansi. Alan Chalmers, mu What Is This Thing Called Science?, amafotokoza onse awiri momveka. Za maganizo, nkhani ya Thomas Nagel ya 1974 yofunsa kuti kukhala mleme kumamveka bwanji kwa mlemewo ikukwanirani poyamba.