Mwana akufuna Formula 4: sizoni yake imayenda bwanji?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Nchalo. Bambo wina wokonza galimoto ndi njinga zamoto walemba pa imelo kuti: "Ndimasunga mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa zaka 13. Lamlungu kukakhala Formula 1 pakhomo sapezeka, amakatandala ku vidiyo. Tsopano akuti akufuna kuyambira ku Formula 4 monga anayambira madalaivala amene amawaonera aja. Ine injini ndimaidziwa, koma izi ndi zachilendo kwa ine. Kodi chaka cha mpikisano umenewu chimayenda bwanji, ndipo mwana wa kuno ku Chigwa angayambire pati?"

Zikomo bambo. Poti ndinu munthu wa sipanala, tiyambire pa galimoto yeniyeniyo.

Formula 4 ndi mpikisano wa galimoto za mpando umodzi umene achinyamata ofuna kukafika ku Formula 1 amayambirapo, koma si ligi imodzi ya dziko lonse. Bungwe la FIA, loyang'anira mipikisano ya galimoto, linangoika malamulo, kenaka maiko n'kumayendetsa mipikisano yawoyawo. Woyamba unali wa ku Italy mu 2014 ndipo anapambana Lance Stroll. Britain, Spain, France, Japan ndi ena alinso ndi yawo. Mwana amaloledwa akakwanitsa zaka 15, ndiye kuti wanuyo kwatsala zaka ziwiri. Layisensi yake si ya pamsewu ayi, ndi ya mpikisano, yofuna chikalata cha dokotala ndi siginecha ya kholo.

Ku Italy ndi ku Britain, kuyambira 2022, aliyense amayendetsa Tatuus F4-T421. Injini yake ndi ya Abarth, malita 1.4 ya turbo, mphamvu pafupifupi mahatchi 180, magiya 6 osinthira pa chiwongolero. Mwina museka kuti kainjini aka n'kochepa, koma galimoto yonse pamodzi ndi dalaivala imalemera cha m'ma 600 kg, pafupifupi theka la Sienta imene imanyamula anthu pa msewu wa Chikwawa. Ilibe ABS yoletsa matayala kuima ukaponda buleki, ilibe pawa sitiyaringi, ilibe kompyuta yoletsa matayala kupota. Injini imabwera yomata selo. Mukaitsegula, mwadzichotsa nokha mu mpikisano. Chimene makaniko amaloledwa kugwira ndi kupendeka kwa mapiko akutsogolo ndi akumbuyo, kutalika kwa galimoto kuchokera pansi, camber ndi toe (kupendeka kwa matayala ndi kumene alozera), masipuling'i, mpweya wa m'matayala, ndi kagawidwe ka buleki pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Zonsezi zimayezedwa mosamala kwambiri, pa malo osalala bwino, galimoto ili pa masikelo anayi.

Sizoni ya ku Ulaya imayamba cha mu April n'kutha mu October. Ku Italy kawirikawiri amakumana kasanu ndi kawiri, mipikisano itatu pa msonkhano uliwonse, m'mabwalo ngati Monza, Imola, Mugello ndi Misano. Mpikisano umodzi kawirikawiri umakhala mphindi 30 kuwonjezapo lapu imodzi, kutanthauza kuzungulira bwalo kamodzi. Ku Britain amakumana kakhumi, mipikisano 30 pa chaka, ya mphindi pafupifupi 20. Ana a makolo olemera sapuma ngakhale m'nyengo yachisanu: mu January ndi February amakhala ali ku Dubai ndi ku Yas Marina, choncho pofika April amakhala atazolowera kale galimoto pamene anzawo akuyamba kumene.

Tsopano pamene pagona nkhani. Amene amaonera pa vidiyo amaganiza kuti mpikisano umapambanidwa Lamlungu, podutsana. Nthawi zambiri umakhala utatha kale pa qualifying, kagawo ka mphindi 15 kapena 20 kosankhira malo oyambira. Galimoto ndi zofanana, ku Italy zimaposa 30, ndipo theka la sekondi likhoza kumuchotsa mwana pa mzere woyamba n'kumuponya pakati pa gulu. Pakati pa gulu ndi pamene mapiko amathyokera.

Chovuta pa qualifying ndi tayala. Kukakhala kouma amavala matayala osalala, opanda mizere, amene amagwira msewu pokhapokha akatentha kufika cha m'ma 80 mpaka 100°C. Mabulangete otenthetsera amene mumaona ku Formula 1 kuno n'ngoletsedwa, ndiye mwana amalitenthetsa yekha. Malapu awiri kapena atatu oyamba amaponda buleki mwamphamvu pa msewu woongoka kuti kutentha kwa disiki kulowe mu rimu n'kufika mkati mwa tayala. Kugwedezagwedeza chiwongolero kuja kumangotenthetsa khungu lakunja, ndipo mwana wopupuluma amene akhota mwaliwiro tayala lisanapse mkati amalikanda: mphira umanyotsoka n'kupanga timibulu pamwamba, galimoto n'kumatsetsereka ngati ikuyenda pa mchenga. Tayala latsopano limakoma kwenikweni malapu ochepa chabe. Ngati pa lapu yokomayo akumana ndi mnzake woyenda pang'onopang'ono, kapena mbendera yachikasu yatuluka, mwayi wapita, poti maseti a matayala pa msonkhano amakhala owerengeka.

Apa ntchito yanu imalowapo. Mukudziwa kuti tayala lopopedwa m'mawa ku Blantyre limafika pa mlatho wa Kamuzu masana a October litauma gwa. Pa galimoto wamba madigiri 10 aliwonse amawonjeza pafupifupi 0.1 bar. Makaniko wa mpikisano amakhalira masamu amenewo tsiku lonse. Amapopa mochepera, poyerekeza mmene mpweya udzakwerere, ndipo galimoto ikangoima amathamangira geji ndi choyezera kutentha, n'kubaya malo atatu pa tayala lililonse: mkati, pakati, kunja. Pakati pakatentha kuposa m'mbali, mpweya wachuluka. Mkati mukapsa kwambiri kusiya kunja, camber yapitirira. Akachedwa mphindi imodzi manambala aja amakhala atanama kale.

Chachiwiri chimene chimasiyanitsa ana ndi buleki, osati mafuta. Kuponda mafuta aliyense amatha. Pa galimoto ya mapiko buleki imapondedwa mosemphana ndi mmene tinaphunzirira pamsewu: phazi lamanzere limamenya mwamphamvu nthawi imodzi pachiyambi, pamene liwiro lili pamwamba ndipo mphepo ikukanikizira galimoto pansi, kenaka n'kumamasula pang'onopang'ono polowa pokhota. Liwiro likamatsika, mphamvu ya mapiko imatsikanso. Mwana akapitiriza kukanikiza chimodzimodzi, tayala lakutsogolo limaima, utsi fuu, ndipo pamalo pamene lakhula pamaphwatalala. Kuyambira pamenepo chiwongolero chimanjenjemera mpaka maso saona bwino, ndipo tayala lomwelo mwina ndi limene ayenera kuthamangira mawa.

Akatsika m'galimoto sapita kokacheza. Amakhala pansi ndi injiniya pa laputopu. Galimoto imalemba chilichonse: liwiro, mafuta, buleki, giya, chiwongolero, ndipo mzere wake amausanjika pamwamba pa wa mnzake wa timu yomweyo. Pamenepo palibe kukana. Injiniya amaloza kuti apa waponda buleki mamita 8 msanga, apa wathamangira kulowa ndiye watuluka mochedwa ndipo wataya liwiro msewu wonse wotsatira. Mwana nayenso ayenera kufotokoza chimene wamva m'thupi: kodi mphuno ikukana kukhota, kapena kumbuyo kukuthawa? Polowa, pakati, kapena potuluka? "Galimoto sikuyenda bwino" si yankho. Nanunso kasitomala akangoti "ikulira" mumadziwa mmene zimavutira. N'chifukwa chake Chingerezi ndi masamu za kusukulu si zoti mnyamatayo azinyozere.

Kunyamuka ndi pamene pamaopsa. Magetsi ofiira akazima, mwana amamasula kalachi injini ili m'mwamba. Akamasula mopupuluma matayala amangopota. Injini ikatsika kwambiri imazima, iye ali chiimire pamene a kumbuyo akubwera osamuona. Amaphunzitsidwa kukweza manja kuti oyang'anira atulutse mbendera yachikasu. Chitsulo cha halo pamwamba pa mutu, HANS yogwira khosi, malamba a nsonga 6 ndi ovolosi yosagwira moto msanga zilipo chifukwa cha mphindi ngati imeneyi.

Mapointi ambiri amatsata a Formula 1: 25, 18, 15, 12, 10, 8, 6, 4, 2, 1. Werengani nokha. Wopambana kawiri n'kugunda kachitatu amapita kunyumba ndi 50. Womaliza wachiwiri katatu ali ndi 54, galimoto yake ili yonse. Pa mipikisano 21 kapena 30, chikho chimatsata mwana wodziwa nthawi yosiya mpata. Ndipo chikhocho ndi khwerero loyamba chabe. Kuti munthu aloledwe mu Formula 1 afunika mapointi 40 a super licence (layisensi yapadera ya Formula 1) m'zaka zitatu, pamene katswiri wa Formula 4 amapatsidwa 12. Kimi Antonelli anatenga zikho za Formula 4 za ku Italy ndi ku Germany mu 2022, cha khwerero lotsatira la Formula Regional mu 2023, n'kuchita Formula 2 mu 2024, asanalowe Formula 1 ndi timu ya Mercedes mu 2025. Lando Norris anatenga cha ku Britain mu 2015 koma mu Formula 1 analowa 2019. Onsewa anali atatha kale zaka zambiri pa kart, kagalimoto kakang'ono ka mpikisano kopanda bodi, asanakhudze Formula 4.

Za ndalama sindikubisirani, bambo. Dalaivala wa Formula 4 salipidwa. Ndiye amalipira timu. Sizoni imodzi ku Italy mu timu yabwino imadya mayuro masauzande mazana angapo, ndipo masiku oyeserera, maulendo ndi zowonongeka zimakhala zapadera. Phiko lakutsogolo likathyoka, bilu imapita kwa kholo. Inshulansi ilipo koma gawo loyamba mumalipira nokha. Ku France n'kotsikirako chifukwa galimoto zonse zimakonzedwa ndi FFSA Academy, sukulu ya bungwe la mipikisano ya galimoto la dzikolo, palibe matimu opikisana pa chuma, komabe ndi ndalama zoti ngakhale mutagulitsa khola lonse la ng'ombe ku Ngabu simungafikeko. Aliyense wokuuzani pa Facebook kuti tumizani kangachepe mwana akayesedwe ku Ulaya, ameneyo ndi wakuba.

Nanga ayambire pati? Kuno kwathu kulibe bwalo la phula lothamangitsirapo galimoto zoterezi. Khomo lenileni ndi kart, ndipo mabwalo apafupi ali kunja: Donnybrook ku Harare, kudzera ku Mwanza ndi Tete, kapena Zwartkops pafupi ndi Pretoria ndi Killarney ku Cape Town. Pa zaka 13 gulu lake ndi Junior Max ya Rotax, kampani yopanga injini za kart. Ku South Africa iliponso Formula Vee, ya galimoto za matayala apoyera zomwezo koma zotsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi za ku Ulaya. Dziko lomwelo ndi limene linatulutsa Jody Scheckter, katswiri wa Formula 1 wa 1979. Ngati muli ndi abale ku Joni, chinthu choyamba chanzeru n'chakuti mwana akabwereke kart ya pa ola, ayezedwe nthawi masiku angapo. Muone ngati malapu ake akufanana komanso ngati akutsika tsiku ndi tsiku; lapu imodzi yamwayi siuza kanthu.

Kart simungaiope. Injini ndi ya 125cc ya two stroke, petulo wosakaniza ndi oyilo pa 50:1, tcheni ndi masiproketi ngati njinga yamoto. Ilibe masipuling'i, ilibe difu. Ekiselo yakumbuyo ndi chitsulo chimodzi, choncho kuti ikhote, tayala lakumbuyo la mkati liyenera kunyamuka pang'ono pansi. Likapanda kunyamuka kart imakankhira kutsogolo, injini n'kumalemedwa potuluka. Chimene chimapha injini zambiri ndi jeti ya kabureta. Johannesburg ili pamwamba mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka, ndiye amaika jeti yaing'ono. Injini yomweyo mukaitsitsira kunyanja ku Cape Town, kapena kuno kwathu kumene Nsanje sifika n'komwe mamita 100, mpweya umachuluka, mafuta n'kuchepa, pisitoni imatentha mpaka kugwira. Yambani ndi jeti yaikulu, muzitsika sitepe imodziimodzi mukuyang'ana pulagi: yofiirira ngati khofi wamkaka ili bwino, yoyera ndi chenjezo.

Zimene angachite ali ku Nchalo konko zilipo. Khosi ndi limene limayamba kutopa, chifukwa mutu ndi chisoti zimalemera makilogalamu 6 kapena 7 ndipo pokhota kulemerako kumawirikiza. Chubu chakale cha njinga chomangirira pa mtengo n'chokwanira: akolowetse kumutu, akoke pang'ono, agwire masekondi 15 mbali iliyonse, osagwedeza, inu mulipo. Kupalasa njinga yakapalasa m'mawa kumapatsa mtima mphamvu, ndipo kutentha kwa kuno kumene ena amadandaula nako, kwa iye ndi sukulu, bola amwe madzi. Mukapeza kompyuta ndi chiwongolero cha masewero, aphunzirepo mzere wokhotera ndi kamasulidwe ka buleki. Matimu enieni amagwiritsanso ntchito simulator. Chimene ndikukanizani kwamtuwagalu ndi kumupatsa njinga ya kabaza kuti "aziyeserera", kapena kumulola kuyesa liwiro pa mapiri a Thabwa. Pa bwalo aliyense amalowera kumodzi, m'mbali muli mchenga ndi matayala, ambulansi ili chire. Pa Thabwa pokhota pali thiraki ya shuga.

Ndipo mum'tengere ku galaja Loweruka. Galimoto iliyonse ya Formula 4 ili ndi makaniko wake ndi injiniya wake, ndipo amenewo ndi amene amalandira malipiro pa bwalopo. Muyambe kumupatsa geji ndi kope: ayeze matayala anayi a galimoto ya kasitomala m'mawa isananyamuke, adzayezenso ikangobwera kuchokera ku Bangula, alembe ola, alembe ndi mbali imene inali kudzuwa.