Funsani za Umoyo: Kodi Juwisi wa Masamba Angalowe M'malo mwa Ndiwo Zamasamba?

FUNSO: Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimagwira ntchito mu ofesi ina mumzinda wa Lilongwe. Anzanga akuntchito ayamba kubwera ndi mabotolo a juwisi wobiriwira m'mawa uliwonse. Ena amagula, ena amapanga okha pofinya sipinachi, nkhaka, maapulo ndi jinja pa makina. Iwo amati kapu imodzi ili ndi mphamvu ya masamba a tsiku lonse, komanso kuti juwisiyu amatsuka m'thupi. Ine ndimaweruka mochedwa, moti kusadzula nkhwani ndi kudula mpiru madzulo kumanditopetsa. Kodi ndingasiye kuphika ndiwo zamasamba n'kumangomwa juwisiyu pamodzi ndi ana anga?
Mayi wa ana atatu, Lilongwe

YANKHO: Mayi, musasiye kuphika. Juwisi wa masamba si woipa kwa munthu wamkulu amene alibe matenda a impso kapena a shuga, ndipo kapu yaing'ono ikhoza kuwonjezera mavitamini pa zimene mwadya kale, koma sangagwire ntchito imene mbale ya ndiwo zamasamba imagwira m'thupi.

Mukadzakhala pafupi ndi mnzanu amene akufinya masambawo, mudzayang'ane kumbuyo kwa makinawo. Masamba odzaza beseni amalowa, madzi obiriwira okwana kapu imodzi n'kutuluka, ndipo m'kachidebe kakumbuyo mumatsala phala lonyowa la zotsalira limene limakatayidwa kudzala. Zotsalirazo ndiye faiba, gawo la masamba limene siligayika m'mimba koma limagwira ntchito yaikulu m'matumbo. Faiba amathandiza kuti munthu asadzimbidwe, amachedwetsa shuga kulowa m'magazi, amadyetsa tizilombo tabwino tokhala m'matumbo, amachepetsa chiopsezo cha khansa ya m'matumbo, ndiponso ndi amene amachititsa kuti munthu amve kukhuta. Zimafanana ndi zimene zimachitika tikakonola chimanga: ufa umayera bwino, koma zambiri zofunika zimapita ndi gaga, n'chifukwa chake a zaumoyo amatilimbikitsa mgaiwa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku, osawerengera mbatata ndi chinangwa, komanso faiba wosachepera magalamu 25. Munthu amene akungomwa madzi ofinyidwa sangayandikire n'komwe mlingo wa faiba umenewu. Amene amagaya masamba ndi bulenda popanda kusefa ali bwinoko, chifukwa zonse zimatsala m'kapu, koma akangotsanulira pa sefa kuti chakumwacho chisalale, abwerera pomwe paja.

Nkhani imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi ya shuga. Madzi a masamba okhaokha amawawa ndipo ndi anthu ochepa amene angawamwe tsiku ndi tsiku, choncho opanga ambiri amawonjezera maapulo, chinanazi kapena malalanje kuti akome, mpaka zipatsozo zimaposa masamba ngakhale mtundu wake ukhalebe wobiriwira. Apulo mmodzi wapakatikati ali ndi shuga wokwana magalamu pafupifupi 19. Mukamutafuna, shugayo amalowa m'magazi pang'onopang'ono chifukwa ali womangika mu faiba, ndipo mukadya mmodzi mumamva kuti mwadya. Mukafinya maapulo awiri kapena atatu, mumamwa shuga yense uja m'mphindi ziwiri, njala n'kukhala ilipobe. M'malangizo ake a mu 2015, WHO inaika shuga wa mu juwisi wa zipatso m'gulu limodzi ndi shuga wothira mu tiyi ndi uchi, ndipo inati shuga wa mtundu umenewu asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya, zomwe kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, kapena kuti timasipuni 12 ta tiyi patsiku. Kafukufuku wa akatswiri a ku yunivesite ya Harvard amene anasindikizidwa mu 2013, ndipo anatsata anthu oposa 180,000 kwa zaka zambiri, anapeza kuti odya zipatso zathunthu monga maapulo ndi mphesa anali ndi chiopsezo chochepa cha matenda a shuga, pamene omwa juwisi wa zipatso kawirikawiri chiopsezo chawo chinali chokwera. Ku Britain, a zaumoyo amalangiza kuti juwisi asapitirire mamililita 150 patsiku, ndipo amamuwerenga ngati gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a masamba ndi zipatso, ngakhale munthu atamwa makapu angati. Ngati mukugula wa m'botolo, werengani zolembedwa kumbuyo: zimene zathiridwamo zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri, ndipo mukaona kuti choyamba ndi juwisi wa maapulo, dziwani kuti mwagula juwisi wa zipatso.

Palinso china chimene kaphikidwe kathu kakale kamachita bwino kuposa makina. Zinthu za m'masamba obiriwira zimene thupi limasandutsa vitamini A, komanso vitamini K, zimalowa bwino m'thupi pokhapokha pakhale mafuta. Nkhwani yotendera ndi nsinjiro, kapena bonongwe wothira tomato, anyezi ndi mafuta pang'ono, zimapatsa thupi mavitaminiwo pamodzi ndi chowanyamula, ndipo nsinjirozo zimawonjezera zomanga thupi zimene mu juwisi mulibe. Kutentha kwa moto kumafewetsanso masamba kuti zina mwa zofunikazi zituluke mosavuta. Komabe pali pamene omwa juwisi akunena zoona: vitamini C amawonongeka ndi moto, makamaka masamba akabwadamuka nthawi yaitali mpaka kusintha mtundu, ndipo soda kapena chidulo chimawononga vitamini C ndi vitamini B1. Njira yake ndi kuphika ndi madzi ochepa, kuphula masamba akadali obiriwira, kusiya soda pa masamba amene amafewa okha, ndi kudya chipatso monga gwafa, papaya kapena lalanje mukatha kudya nsima. Chipatsocho chimathandizanso kuti ayironi wa m'masamba alowe bwino m'magazi.

Zoti juwisi amatsuka m'thupi zilibe umboni. Ntchito yochotsa zoipa m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo zimaigwira usana ndi usiku popanda chakumwa chapadera.

Kwa ana, ndikupempheni kuti musasinthe. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe juwisi, ndipo wokulirapo akazolowera kumwa zotsekemera amakhuta madzi n'kuyamba kukana ndiwo. Mwana amaphunzira kukonda chisoso ndi kholowa poziona m'mbale ndi kuona makolo akudya, ndipo mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa, gulu la masamba ndi lotsika mtengo kwambiri kulikwaniritsa. Kutopa kwanu ndikukumvetsa. Sadzulani ndi kutsuka masamba a masiku awiri kapena atatu Lamulungu madzulo, muwasunge mufiriji m'chidebe chotseka bwino, ndipo mudzaona kuti mpiru kapena repu wodula kale amapsa nsima isanavundulidwe. Sungani ndi mfutso wa chitambe kapena khwanya woti muzitendera tsiku limene simunadutse pamsika.

FUNSO: Ndine bambo wa zaka 58 ndipo ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Mwana wanga amene ali ku Johannesburg wanditumizira bulenda ndipo akuti ndizigaya masamba osaphika n'kumamwa m'mawa uliwonse. Kudimba kwanga kuli bonongwe ndi chigwada chambiri, ndipo pakhomo pali mtengo wa chamwamba. Kodi ndingasakanize zonsezi? Nanga zikandiyanja ndingasiye mankhwala?
Bambo wa ku Nkhotakota

YANKHO: Bambo, chigwada chosaphika musachiike m'bulenda ngakhale tsiku limodzi. Masamba a chinangwa ali ndi mankhwala achilengedwe amene amatulutsa poizoni wa sayanaidi masambawo akaphwanyidwa, ndipo kawirikawiri poizoniyu amachuluka m'masamba kuposa m'chinangwa chosenda. Amayi akamasinja chigwada mumtondo n'kuchiwiritsa kwa nthawi yaitali, poizoni uja amatuluka n'kupita ndi nthunzi, n'chifukwa chake chigwada chophika bwino chimadyedwa popanda vuto m'madera onse a kunyanja. Bulenda imachita gawo loyamba lokha, lophwanya masamba, n'kusiya poizoniyo m'madzi amene mukufuna kumwa. Zotsatira zake zikhoza kukhala chizungulire, kusanza, kubanika ngakhale imfa.

Bonongwe alibe poizoni wotere, koma iye pamodzi ndi sipinachi ndi bitiruti ali ndi mchere wochuluka wotchedwa okizaleti, umene umalumikizana ndi kasiyamu n'kupanga miyala mu impso. Pa ndiwo vutoli silikula, chifukwa munthu amadya mlingo wa mbale imodzi, ndipo amene anadwalapo miyala ya mu impso angathe kuwiritsa masambawo n'kutaya madzi oyamba. Pa juwisi, munthu amamwa masamba osaphika ochuluka tsiku lililonse kwa miyezi, ndipo madokotala m'maiko ena alembapo za odwala amene impso zawo zinawonongeka mwa njira imeneyi. Popeza kuthamanga kwa magazi kumafooketsa impso mwakachetechete, pemphani kuchipatala kumene mumalandira mankhwala kuti akuyezeni impso musanayambe. Impso zofooka zimalephera kutaya mchere wa m'thupi wotchedwa potaziyamu, umene ndi wochuluka mu juwisi wa masamba, ndipo mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, monga enalapril, amachititsanso kuti potaziyamu asungike m'thupi. Akachuluka kwambiri amasokoneza kagundidwe ka mtima. Owerenga amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, adziwenso kuti vitamini K wa m'masamba obiriwira amachepetsa mphamvu ya mankhwalawo, choncho asawonjezere masamba mwadzidzidzi popanda kuuza dokotala.

Ganiziraninso za ukhondo. Masamba a kudimba amathiriridwa ndi madzi a mumtsinje kapena pachitsime chosatetezedwa, ena amathiridwa manyowa a ziweto, ndipo moto ndi umene umapha tizilombo totsalira pa masambawo. Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Chilichonse chomwedwa chosaphika chitsukidwe ndi madzi owiritsa kapena othira klorini, bulendayo itsukidwe ikangotha ntchito, ndipo chakumwacho chimwedwe nthawi yomweyo m'malo mochisunga padzuwa mpaka masana.

Masamba a chamwamba ndi chakudya chabwino, ndipo mungathe kuwaphika ngati ndiwo kapena kuwaumitsa pamthunzi, kuwasinja, n'kumathira supuni imodzi m'phala. Koma chamwamba si mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Matendawa sapweteka mpaka tsiku limene abweretsa sitiroko, kotero kumva bwino m'thupi si chizindikiro chakuti achoka. Pitirizani kumwa mankhwala anu monga anakulangizirani, chepetsani mchere m'ndiwo, ndipo muziyezetsa kuthamanga kwa magazi pa masiku amene munapatsidwa. Bulendayo muigwiritse ntchito pogaya papaya, nthochi kapena mango pamodzi ndi nkhaka yotsuka bwino, popanda kusefa ndi popanda kuthira shuga, kapu yaing'ono imodzi patsiku, ndipo bonongwe ndi chigwada zipitirire kupita mumphika.